Kodi n'zoona kuti mizimu ya ku Sapitwa imatenga anthu?

Kalata yomwe ndalandira ikuti: "Bambo, ndine mphunzitsi wa zaka 27, ndimakhala ku Blantyre koma kwathu ndi ku Phalombe. Anzanga a kuntchito akonza zoti tikakwere phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa mwezi wa Julaye, ndipo ine ndikufunitsitsa kupita nawo. Vuto ndi lakuti mayi anga akanitsitsa. Akuti mchimwene wawo, yemwe ndi malume anga, analowa m'phirimo kukasaka ali mnyamata n'kusowa masiku atatu, ndipo atapezeka anali opanda malaya, mapazi ali magazi okhaokha, akunena kuti ankamva ng'oma ndi mawu oitana dzina lawo. Chiyambire pamenepo malumewo sanakhalenso bwinobwino. Mayi akuti mizimu ikalawa magazi a banja limodzi imabwereza. Ine ndine wopemphera ndipo sukulu ndinapita, komabe usiku ndikayamba kuganiza, mantha amandigwira. Ndilinso ndi mphumu, ngakhale sindidwala kawirikawiri. Kodi ndipite kapena ndileke?"

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani kuti mantha anuwo si umbuli ndiponso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ine ndinabadwira m'munsi mwa phirili, mbali ya ku Likhubula, ndinayamba kusenza katundu wa alendo ndevu zisanamere, kenaka ndinakhala gaidi, ndipo pa zaka zoposa makumi awiri ndafika pa nsonga ya Sapitwa maulendo ochuluka moti ndinaleka kuwerenga. Komabe mpaka lero, ndikadutsa nyumba ya Chisepo, yogonamo okwera phiri, n'kuyamba kukwawa m'matanthwe aja, ndimapeza kuti ndatsitsa mawu popanda wondiuza. Munthu amene ndimamuopera ine si amene akunjenjemera poyamba ulendo, koma amene amafika akuseka, atavala kabudula ndi nsapato za m'tauni, n'kumanena kuti phiri ndi mwala chabe. Inu mungathe kupita n'kubwera bwinobwino monga amachitira anthu ambirimbiri chaka ndi chaka, amayi ndi ana a sukulu omwe, koma pali zinthu zofunika kuti muzimvetse musanamange chikwama.

Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Dzina lake likunena lokha kuti ndi kumalo kosapitidwa. Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao ozungulira phirili akhala akulitenga ngati mudzi wa mizimu ya makolo kuyambira kale, ndipo bungwe la UNESCO litaliika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2025, chikhalidwe ndi zikhulupiriro zimenezi n'zimene zinali patsogolo. Choncho mayi anu akamalankhula za mizimu ya m'phiri, sakulankhula zopeka okha, akubwereza zimene mibadwo yasunga. Agogo anga aakazi ankatilangiza zinthu zingapo tikamapita kukatola nkhuni kumtunda: usapite wekha, usachite phokoso kapena kutukwana, ukamva wina akuitana dzina lako kumbali usayankhe ndipo usamutsatire, nkhungu ikatsika khala pansi udikire eni malo adutse, ndipo dzuwa lisakulowere uli pamwamba. Nditakula n'kuphunzitsidwa ugaidi ndi anthu a mabuku ndi mapu, ndinadabwa kumva malamulo omwewo, kungoti iwo sankatchula mizimu. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kwa ine anagoneradi zaka zambiri ndisanamvetse kuti gogo uja ankatiphunzitsa kupulumuka.

Tsopano tiyeni tikambe za malume anu, chifukwa nkhani yawo ndaiona ndi maso anga mwa anthu ena, ndipo ndiyo mtima wa funso lanu. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Blantyre ili pa mamita pafupifupi 1,000, kutanthauza kuti Sapitwa imazizira kuposa kwanuko ndi madigiri 12 kapena kuposerapo, mphepo tisanaiwerengere. M'mawa wa Julaye umene inu mumavala juzi n'kumadandaula pa siteji ya minibasi, kumtunda kuno madzi a m'mabowo a miyala amakhala ataundana ndipo udzu umayera ndi chisanu. Onjezeranipo chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu yomwe imachokera mbali ya ku Mozambique, yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikolo. Chiperoni chimatha kufika pa nthawi yochepa kuposa imene munthu amadyera nsima, ndipo chikakhazikika chimatha masiku awiri, atatu, ngakhale kuposerapo. Mlenje wa kumudzi amalowa m'phiri ndi malaya amodzi, opanda nsapato, ali ndi chinangwa pang'ono m'thumba, poganiza kuti abwerera madzulo. Akanyowa, mphepo n'kumuomba usiku wonse, thupi limayamba kutaya kutentha mofulumira kuposa mmene lingakubwezeretsere.

Thupi la munthu limayenda bwino pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, munthu amanjenjemera kwambiri, manja amakanika kumanga chingwe cha nsapato, lilime limalemera ngati la woledzera, ndipo nzeru zimayamba kusokonekera iye mwini osadziwa. Likatsikirabe, kunjenjemera kuja kumaleka, ndipo apa ndi pamene pamachitika zinthu zomwe anthu a kumudzi akaziona amati ndi ntchito ya mizimu. Munthu wozizidwa kwambiri amatha kumva kutentha kwabodza, chifukwa mitsempha ya pakhungu imene inali itafinyika kuti isunge magazi m'kati imatopa n'kutseguka, magazi ofunda n'kuthamangira pakhungu, ndipo iye amavula malaya n'kuwataya ali pakati pa chisanu. Madokotala a m'maiko ozizira amachidziwa bwino chizindikiro chimenechi. Chinanso n'chakuti munthu wotere amafunafuna pobisala popanikizika, kunsi kwa mwala kapena m'kaphanga, n'kudzipinda m'menemo ngati mbira. Ndiye mukandiuza kuti malume anu anapezeka opanda malaya, akusimba za mawu ndi ng'oma, ine ndimaona munthu amene anafika pakhomo penipeni pa imfa chifukwa cha kuzizira, njala ndi kusagona, ndipo ndimadabwa ndi mphamvu zawo kuti anatuluka amoyo.

Nanga munthu wodziwa phiri amasochera bwanji pamalo pomwe wayendapo kuyambira ali mwana? M'nkhungu, maso alibe chogwira. Ofufuza a ku Germany, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2009, anayesa zimenezi potumiza anthu kukayenda m'nkhalango atawaika zida zolondola mayendedwe awo, ndipo anapeza kuti dzuwa likabisika anthuwo ankazungulira n'kubwerera pomwe anadutsa kale, iwo akukhulupirira kuti akuyenda molunjika. Kwathu kuno munthu akadutsa mwala umodzimodzi katatu amati mizimu yamuzunguza mutu, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti zinandichitikira. Chaka china ndikutsika ndi alendo awiri, chiperoni chinatipeza tili pakati pa matanthwe, ndipo zizindikiro za penti wofiira zomwe zimalozera njira zinangozimirira m'maso mwanga. Ndinayenda kwa kanthawi ndili wotsimikiza kuti ndikupita ku Chisepo, mpaka ndinapeza khoko la nthochi lomwe mlendo wanga anataya ola lapitalo. Pamenepo tsitsi linandiimirira, ndipo mawu a gogo aja anandibwerera. Tinakhala pansi kuseri kwa mwala, tinavala zonse zomwe tinali nazo, tinapanikizana atatu ngati ana a nkhuku, tikudya mtedza ndi shuga, ndipo patapita maola angapo nkhungu inang'ambika pang'ono. Chizindikiro cha penti chinali pafupi kwambiri moti mwana akanaponya mwala n'kuchigenda, koma mbali imene mtima wanga unkandiuza kuti tipite inali ya kuphompho.

Za mawu ndi ng'oma ndinenepo mosabisa kuti nanenso ndazimva, ndipo gaidi aliyense woona mtima angakuuzeni chimodzimodzi. Phiri la Mulanje ladzala ndi timitsinje toyenda kunsi kwa miyala, tosaoneka ndi maso, ndipo madzi akamagunda m'mphako za matanthwe amatulutsa mawu ofanana ndi anthu akucheza patali, nthawi zina ngati mayi akusinja. Mphepo ikalowa m'ming'alu imalira mosiyanasiyana. Usiku wabata, ng'oma za ku chinamwali kapena nyimbo za pa maliro m'midzi ya m'munsi zimakwera mpaka pamwamba momveka bwino, ndipo chifukwa mawuwo amagunda m'makoma a miyala, umamva ngati akuchokera kumtunda kumene kulibe mudzi. Mbira nazo zimakuwa mochititsa nthumanzi kwa amene sanazimvepo. Tsono khutu la munthu wotopa ndi wamantha limafunafuna mawu odziwika m'phokoso lililonse, ndipo mawu amene aliyense amawadziwa kuposa onse ndi dzina lake. Anthu oyenda m'malo oopsa m'maiko ena asimbapo zofanana. Ernest Shackleton, atadutsa mapiri a chisanu a pa chilumba cha South Georgia mu 1916 pamodzi ndi anzake awiri, analemba kuti ankamva ngati akuyenda anayi osati atatu. Ubongo ukapanikizika umalenga mnzako woyenda naye. Kuopsa kwake n'kwakuti mawu oitanawo ukawatsatira umasiya njira, ndipo n'chifukwa chake lamulo lakuti usayankhe ndi lamtengo wapatali, kaya woitanayo mumutcha mzimu kapena madzi.

Pali chinanso chimene chimaopsa alendo m'mawa dzuwa likangotuluka. Ukaima pamwamba, dzuwa lili kumsana ndipo nkhungu ili kutsogolo chakumunsi, chithunzithunzi chako chimagwera pa nkhunguyo n'kuoneka ngati chimphona chakuda, nthawi zina chitazunguliridwa ndi kautawaleza kumutu, ndipo ukasuntha nacho chimasuntha. Mlendo wanga wina anagwada n'kuyamba kupemphera, mpaka ndinamuuza kuti akweze dzanja aone ngati chimphonacho sichikweza nacho. Kuwala kumene anthu amakuona usiku m'mbali mwa phiri, ndikuuzeni mopanda manyazi, nthawi zambiri ndi moto wa alenje, wa otentha makala ndi wa ocheka matabwa a mkungudza mozemba. Mtengo umenewu umamera mwachilengedwe pa Mulanje pokha, phirili lakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, komabe watha pafupifupi wonse, ndipo anthu amene anaumaliza sankaopa mzimu uliwonse. Ena a iwo amakondwera kuti anthu aziopa zigwa zina, chifukwa mantha amawatchingira ntchito yawo bwino kuposa mpanda.

Nkhani ya chakudya cha mizimu mwina munaimva, yakuti woyenda m'phiri amatha kupeza nthochi zakupsa kapena nsima ndi ndiwo pamwala, ndipo ayenera kudya yekha osaitana mnzake ndiponso osatengako kupita nazo kumudzi. Pa zaka zanga zonse nsima yofuka nthunzi sindinaipezepo. Ndapezapo ufa wothiridwa patsinde pa mtengo, mikanda, timiphika ndi ndalama zachitsulo, zomwe ndi nsembe za anthu amene amabwerabe kudzapempha mvula kapena machiritso, ndipo ndapezaponso chakudya chimene alenje amabisa kuti adye pobwerera. Zonsezi sindizikhudza, ndipo alendo anga ndimawaletsa kuzijambula moseka. Chimene wina wapereka ndi mtima wake si choseweretsa, ngakhale iwe utakhala wa chipembedzo china.

Simunafunse za alendo awiri amene nkhani zawo zinamveka dziko lonse, koma ndikudziwa kuti anzanu adzazitchula usiku muli pamoto, ndiye ndi bwino muzimve kwa ine. Mu Sepitembala 2003, mtsikana wa ku Netherlands amene ankagwira ntchito yodzipereka kuno ku Mulanje anauyamba yekha ulendo wa ku Sapitwa, ndipo ngakhale anthu ambiri anamufunafuna kwa masiku ochuluka, sanamupeze. Mu Julaye 2009, mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake n'kupitiriza yekha atavala zopepuka, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha pafupifupi masabata atatu, atamwalira ndi kuzizira. Anthu amati mizimu inawabisa, ndipo amafunsa kuti munthu angasowe bwanji pamalo pomwe anthu mazana afufuza. Amene amafunsa choncho sanaone mmene chigawo cha Sapitwa chilili. Ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba yosanjikizana, pakati pake pali ming'alu yakuya yophimbidwa ndi zitsamba ndi ndere, moti munthu angagone mamita awiri kuchokera pomwe wapondapo iwe osamuona, makamaka ngati iye mwini anakwawira m'kati pothawa mphepo monga ndafotokozera. Chimene chikufanana pa nkhani ziwirizi, ndiponso pa ya malume anu, n'chakuti onse anali okha pa nthawi imene zinthu zinavuta.

Dziwe la Nkhalamba, lomwe mudzadutsa pafupi nalo mukadzayambira ku Likhubula, nalo lili ndi mbiri yake, yakuti kale pankaoneka nkhalamba ya imvi ndipo anthu ankathirapo nsembe. Pamenepa pamira anthu angapo, ambiri a iwo achinyamata obwera kudzasangalala, ndipo nthawi zonse pakachitika ngozi anthu amati dziwe latenga wake. Madzi ake ndi akuya, ndi ozizira kwambiri moti munthu akalumphiramo thupi lili lotentha amabanika n'kumeza madzi, ndipo pafupi ndi mathithi madziwo amazungulira n'kukokera pansi. Onjezeranipo mowa ndi kufuna kuonetsa kwa anzako. Ngati simudziwa kusambira bwino, khalani pamwala muviike mapazi basi.

Ndibwerere kwa mayi anu, chifukwa ndikuganiza kuti mantha awo ali ndi muzu wina umene simunautchule. Munthu wa ku Phalombe wa msinkhu wawo anaona Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika kuchokera ku phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana n'kufa tsiku limodzi. Akuluakulu amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chomwe chimasamuka kupita kunyanja, ndipo amene anamva mkokomo wake amati sadzauiwala. Chimachitika n'chakuti mvula ikagwa yambiri kwa masiku, dothi lokhala pamwamba pa thanthwe limakhuta madzi n'kuterereka, limatseka mtsinje kwa kanthawi, kenaka chotchingacho chimaphulika n'kutsika ndi miyala ndi mitengo, ndipo njira imene chimasiya m'phiri imakhaladi yokhotakhota ngati podutsa njoka. Zomba inaona zoterezi mu 1946, ndipo tonse tinaziona ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe komweko. Kwa mayi anu, phiri linawawonongera mchimwene ndipo linakwirira anansi awo. Mukapita kwa iwo ndi mawu akuti zonsezi ndi zikhulupiriro zachikale, mudzawapweteka ndipo simudzawagonjetsa. Auzeni kuti mwamva chenjezo lawo, afotokozereni amene mukupita nawo, masiku ake, ndi kuti simudzasiyana ndi gaidi ngakhale pang'ono. Apempheni akupempherereni kapena akudalitseni mwa njira imene iwo amakhulupirira. Za magazi a banja, ndinganene zimene ndaona: ndakwera ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anavulala kapena kufera m'phirili, kuphatikizapo mapotala anzanga, osenza katundu wa alendo, ndipo phiri silinawasankhe. Chimene chimabwereza m'mabanja a kuno ndi umphawi umene umatumiza mnyamata kumtunda wopanda jekete.

Mukatsimikiza zopita, mwezi wa Julaye si woletsedwa, koma ndi pakati pa nyengo ya chiperoni ndipo ndi wozizira kwambiri, choncho ngati anzanu angavomere, kumapeto kwa Ogasiti kapena Sepitembala kumakhala kodalirika, ngakhale kuti utsi wa moto wa tchire umabisa malo akutali. Miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, Sapitwa muileke, chifukwa matanthwe amaterera ngati sopo ndipo kamtsinje kamene mwadumpha m'mawa kamakhala kosaoloka masana. Ulendowu muupatse masiku atatu osachepera, ndipo mukhale ndi tsiku lina lapadera loti mungadikirire nyengo. Gulu limene lili ndi tsiku limodzi lokha la ku nsonga ndi limene limakakamira kukwera kumwamba kutada, chifukwa aliyense akuganiza za ndalama zomwe walipira ndi zithunzi za pa Facebook. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, tengani gaidi wovomerezeka ndi mapotala okwanira, ndipo musanyinyirike pa malipiro awo, poti ndi iwo adzakunyamuleni mukathyoka mwendo. Mugone ku Chisepo, munyamuke kukangocha, ndipo mugwirizane ndi gaidi nthawi yobwerera musanayambe, kuti ikakwana mutembenuke ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Kukwera kuchokera ku Chisepo kumatenga maola atatu kapena anayi, kutsika n'chimodzimodzi chifukwa malo ena umatsika chokhala pansi, ndipo mu Julaye mdima umagwa 6 koloko isanakwane.

M'chikwama cha tsiku la ku nsonga musasiye jekete yosalowa madzi, juzi yaubweya, chipewa chofunda, magolovesi, tochi, wezulo, madzi ndi zakudya zotsekemera, ngakhale kutacha bwino chotani. Zovala za thonje monga jinzi zikanyowa zimaba kutentha kwa thupi, ndiye zisiyeni kunyumba. Nsapato zikhale zogwira pamwala ndipo zikhale zoti mwaziyendera kale. Foni musaidalire, chifukwa netiweki imapezeka malo ena okha ndipo batire limatha msanga pozizira. Mowa ausiye m'munsi amene akuti umafunditsa, popeza umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutayitsa kutentha komwe ukufuna kusunga. Mukaona mnzanu wayamba kupunthwapunthwa, kulankhula mokoka lilime, kukwiya popanda chifukwa kapena kunena kuti mumusiye agone pang'ono, musamuseke ndipo musamusiye: muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumutchinge ku mphepo, mumupatse chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza, ndipo ulendo wa ku nsonga uthere pomwepo. Mukasiyana ndi gulu m'nkhungu, imani pomwe mulipo n'kuyamba kuliza wezulo, musayese kutsata mtsinje kuti ukutsitseni, chifukwa mitsinje ya Mulanje imatsikira m'mathithi ndi m'maphompho.

Za mphumu yanu, musanyamuke musanaonane ndi dokotala kapena kilinikala ofisa, ndipo mumuuze momveka kuti mukupita pamalo okwera mamita 3,000 pomwe mpweya ndi wozizira ndi wouma, chifukwa mpweya wotere pamodzi ndi kupuma mwawefuwefu ndi zimene zimadzutsa mphumu yogona. Nyamulani mankhwala anu opopera awiri, amodzi m'thumba la malaya pomwe pali pofunda, ena kwa mnzanu woyenda naye pafupi, ndipo gaidi adziwe za matendawa musanayambe kukwera. Nyumba za m'phiri zimakhala ndi moto wa nkhuni, choncho mugone kutali ndi utsi. Ngati m'miyezi yapitayi mwagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha mphumu, kapena mukudzuka usiku ndi chifuwa, kapena mwagwidwa chimfine sabata ya ulendo, musapite ku nsonga ulendo uno. Yambani mwayesa thupi lanu pa Michiru kapena pa Zomba, ndipo mukafika ku Mulanje dziwani kuti kufika ku Chambe kapena ku Lichenya, madera ena a pamwamba pa phirili, ndi ulendo wokwanira pawokha, woti munthu angausimbe moyo wake wonse. Chimodzimodzi kwa anzanu amene ali ndi matenda a shuga, a mtima, kuthamanga kwa magazi kapena khunyu, aliyense anene zoona ulendo usanayambe.

Mantha a usiku amene mwatchula ndi achibadwa kwa munthu amene anakula akumva nkhani ya malume ake, ndipo kawirikawiri amachepa munthu akadziwa chimene akukakumana nacho. Koma akafika pokulepheretsani kugona masabata angapo, kapena mukayamba kumva mawu oitana muli m'nyumba mwanu ku Blantyre, imeneyo si nkhani ya phiri ayi, ndipo muyenera kuonana ndi a zaumoyo wa maganizo, amene amapezeka pa zipatala za maboma ndi pa Queen Elizabeth komweko. Kukambirana ndi abusa anu kapena mkulu wa mpingo kungakuthandizeninso, ndipo ziwirizi sizitsutsana.

Malume anu, ngati ali moyo, ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa inu. Munthu amene anakhala masiku atatu akuyang'anizana ndi imfa yekhayekha amatha kutsala ndi bala la m'maganizo, lomwe limaoneka ngati kusalankhula, kudzidzimuka, maloto oipa ndi kuthawa anthu, ndipo n'kuthekanso kuti anagwa n'kumenyetsa mutu, kapena kuti matenda a maganizo anali atayamba kale ndipo ndi amene anawasocheretsa. Banja likangoti anatengedwa ndi mizimu, nthawi zambiri limalekera pomwepo, munthu n'kukalamba osaonedwapo ndi dokotala. Ngakhale papita zaka zambiri, thandizo limakhalapo, kuyambira pa chipatala cha boma cha kwanuko, chomwe chingawatumize ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero. Mukapita kumudzi kukalankhula ndi mayi za ulendo wanu, khalaninso pansi ndi malumewo, muwafunse modekha mbali imene analowera, nyengo mmene inalili ndi pomwe anagona usiku woyamba, ndipo ngati angafune kusimba, muwamvetsere mpaka amalize osawadula mawu.